Chigamba cha pa Mfuti ya Bambo

Amisiri anzake a mumsewu umene uja ankamutcha Sandipepa, dzina la pepala lokwechera matabwa, ndipo dzinalo sanalikane poti linamukhala. Munthu ameneyu ankadana ndi chinthu chokhakhala ngati kuti chamutukwana. Ukamupatsa mpando kuti angokonza mwendo umodzi, ankaubweza wonse uli see, ukununkhira vanishi, mwiniwake mpaka kuchita manyazi kuukhalira. Anzake ankamuseka kuti tsiku limene adzamwalire adzadzuka m'bokosi kuti asalazeko chivundikiro. Iye ankangomwetulira. Chimwalirireni mkazi wake, ana ake awiri n'kupita kutali ndi ntchito, mawu ake ambiri ankathera pa matabwa. Ankagona m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yake, mmene munali bedi, wailesi ndi makapu awiri, ngakhale kuti kapu inayo inali itaiwala kale kutentha kwa tiyi.

Bambo ake atamwalira, ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi anayi, katundu anagawidwa monga mwiniwake analembera. Nyumba inapita kwa mlongo wake wamkulu, amene anasamala bambowo mpaka tsiku lomaliza, ndipo palibe amene anatsutsa. Malo a kuseri kwa nyumbayo anapita kwa mkulu wake. Sandipepa anamulembera mfuti.

"Chigogodera chija ndi chako," anatero mkulu wake akumupatsa, mano onse ali pamtunda. "Iwe amene unkalowa pansi pa bedi chikalira! Madala aja nthabwala sanasiye mpaka kumanda."

Onse anaseka, iyenso anaseka nawo, koma mawuwo anamulasa. Bambo ake anali munthu wa uzimba. Mkati mwa sabata ankayendetsa lole, koma Loweruka likakwana ankanyamula mfuti, n'kutenga mwana wamkulu uja. Sandipepa anapita nawo kamodzi kokha, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Mfuti itangolira anataya chikwama, n'kugwira makutu akulira. Bambo ake sanamukalipire, bwenzi zili bwino akanatero. Anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Bwerera kwa amako." Sanamutengenso. Ukaipa dziwa nyimbo: mwanayo anayamba kukhala kwa kalipentala wa pafupi, kuphunzira sowo ndi tchizulo.

Patapita zaka ziwiri, bambo ake anaterereka pamwala ali kutchire, thabwa la mfuti n'kung'aluka pakhosi, pamene limaning'a kuti dzanja ligwire. Mfutiyo inakhala mwezi wathunthu pamwamba pa kabati. Tsiku lina kunyumba kulibe anthu, iye anaitsitsa, n'kudula kachidutswa pa mwendo wa mpando wothyoka, n'kuikapo chigamba ndi guluu ndi tizikhomo tiwiri ta thabwa. Chigambacho chinali choyera pa thabwa lakuda, chopindika, mbali imodzi chitatumphuka. Bambo ake atachiona anatembenuza mfutiyo uku ndi uku, anati, "Hmm," n'kuikoleka pamsomali. "Hmm" ameneyo Sandipepa anayenda naye zaka makumi anayi ndi zinayi osadziwa kuti amatanthauzanji.

Tsono mfuti ija inali itagona pa tebulo lake la ntchito, ndipo funso linali limodzi: kodi bambo anandisiyira chuma, kapena anandiseka komaliza? Wowafunsa panalibe. Iye anadziweruzira yekha mlandu wake motere: mfutiyi ikakhala ya mtengo wapatali, ndiye kuti bambo ankandiwerengera; ikakhala chitsulo chabe, ndiye kuti achimwene akunena zoona.

Atatha zosintha dzina pa chiphaso cha mfutiyo kupolisi, kasitomala wina anamuuza za mkulu wina wokonza mfuti, kutsidya kwa tauni, amene amati akangoona mfuti amadziwa anaipanga, zaka zake ndi mtengo wake. Sandipepa anajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi pa foni, n'kutumiza. Lachisanu masana wokonza mfuti uja anaimba.

"Ndaziona zithunzi zija, amisiri," anatero. "Mubwere nayo Lolemba. Koma chonde musaikhudze. Mubwere nayo mmene ililimo, ndi fumbi lake lomwe."

Musaganize kuti sanamve. Anamva bwinobwino, anayankhanso kuti, "Chabwino, achikulire." Loweruka m'mawa anangoti aipukute ndi kansalu, basi. Koma maso ake anagwera pa chigamba chija, nkhope n'kutentha. Mmisiri wa zaka makumi anayi pantchito akaonetse mmisiri mnzake zoterezi? Chinali chitada tsopano, chikunyezimira ngati chapakidwa mafuta, pakati pake chitalowa m'kati ngati kasupuni. "Mwendo wa mpando wotchipa," anadzinenera yekha. "Thabwa lofewa, n'chifukwa chake chinadyeka." Anatenga tchizulo.

Chigambacho sichinafune kuchoka. Guluu wa mwana wa zaka khumi ndi zinayi anali atagwira ngati anachita kulumbira, moti anachichotsa zidutswazidutswa, n'kuzikankhira m'thumba la utuchi limene linkakhala pansi pa tebulo. Kenako anafufuza m'matabwa ake akale mpaka anapeza lina la mtundu ndi mizere yofanana. Anasema, anayeza, anasemanso. Pofika masana chigamba chatsopano chinali chitalowa moti chikhadabo sichikanapeza pamene chayambira. Pa moyo wake wonse sanagwirepo ntchito yabwino ngati imeneyo.

Vuto la chinthu choyera n'lakuti chimaneneza zinzake. Pafupi ndi chigamba chatsopano, thabwa lonse linkaoneka ngati chogwirira cha khasu. Ndiye anasalaza mbali imeneyo pang'ono. Mbali imeneyo itayera, inayo inaoneka yamanyazi. Lamulungu dzuwa lisanapendeke thabwa lonse linali see, vanishi atapakidwa kawiri. Mpope wa mfutiyo nawo, ndi khungu lake lofiirira lija, unayamba kuoneka ngati paipi yotoledwa kudzala, choncho anaukwecha mpaka anadziona nkhope. Anakhoma kabokosi kakatali koyikamo, n'kuyalamo bulangete. Ataima chapatali n'kuiyang'ana, mtima wake unati myaa. Anafuna kuitana wina kuti adzaone, koma mashopu onse anali otseka. Safunsa anadya phula, koma uyu anachita kuuzidwa n'kudyabe.

Lolemba anakwera basi, bokosi lili pakati pa miyendo. Shopu ya wokonza mfuti inali kuseri kwa sitolo ya maloko, kolowera pakanjira kopapatiza. M'katimo munkanunkha oyilo ndi mapepala akale. Mwini wake anali kankhalamba kakafupi, kadazi, kagalasi kokuzira zinthu kakulendewera pakhosi. Manja ake ankanjenjemera popereka moni, koma akangogwira chitsulo ankati nji.

Mkuluyo anatsegula bokosi lija. Anatulutsa foni m'thumba, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso m'bokosi.

"Ndi yomwe ija?" anafunsa.

"Yomweyo, achikulire," anayankha Sandipepa. "Ndangoipukutako pang'ono."

"Mwangoipukutako." Mkuluyo anapumira m'mwamba. "Amisiri, inu akakubwerekani agogo anu mungawabweze ali ndi mano onse. Khalani pampandopo."

Anayala nsalu patebulo, n'kugonekapo mfuti. Sanafulumire. Anasankha sikuludiraiva pakati pa zambirimbiri, anaiyeza pa sikuluu, anaibweza, n'kutenga ina. Atamasula, ananyamula mpope pang'onopang'ono kuuchotsa m'thabwa, n'kuutembenuza. Pansi pake, pamene thabwa linkaphimba, chitsulo chinali chakuda, chosakhudzidwa.

"Mwayi wake apa simunafikepo," anatero. "Opanga mfuti akale ankadziwa kuti kudziko kuno kuli anthu onga inu, ndiye ankabisa dzina lawo kunsi. Bwerani muone."

Sandipepa anasuzumira pa kagalasi kaja. Anaona timanambala, ndi kachizindikiro kochepa ngati njere ya mpunga: nyundo ziwiri zopingasana. Mkulu uja anatsitsa chibuku chothothoka chikuto, ananyowetsa chala n'kuyamba kutsegula masamba mpaka anaima.

"Nayu mwini wake. Sinali fakitale iyi, kanali kashopu kutsidya kwa nyanja, anthu osakwana khumi. Mwiniwake ali yekha ankadinda nyundo imodzi. Mwana wake atakula n'kulowa ntchitoyo, anayamba kudinda ziwiri. Nyundo ziwirizi zinakhala zaka makumi awiri zokha, shopu n'kutsekedwa. Tsono onani nambala yanuyi, ndi yaing'ono, ya kumayambiriro. Mfuti iyi ili ndi zaka pafupifupi zana limodzi ndi makumi atatu. Inabadwa agogo anu asanabadwe, ndipo inapangidwa ndi manja, osati makina."

Sandipepa anabwerera pampando. "Nanga mtengo wake?"

"Mukufuna wa Lachisanu kapena wa lero?"

Sandipepa anayang'ana mfuti yonyezimirayo, mkuluyo n'kupitiriza.

"Lachisanu, pamene ndinkakuimbirani, bwenzi mutagula nayo kagalimoto kabwino konyamulira matabwa anuwo. Lero mwina njinga yamoto, yakale, yochita kukankha. Anthu osunga zinthu zakalezi sagula kunyezimira ayi, kunyezimira kuli mbwee m'masitolo. Amagula khungu lija mwakwecha lija, chifukwa limenelo palibe angalipange, limabwera ndi zaka. Pamwamba pa mpope panalinso tizilembo, pa chithunzi tikuoneka. Pano tangotsala mthunzi."

N'zodabwitsa, koma za galimotozo sizinamupweteke kwambiri. Madzi akatayika saoleka, ndipo iye galimoto sankaifuna. Chimene anamva n'chakuti mfutiyo inali ya mtengo wapatali. Anasendera kutsogolo pampando.

"Ndiye kuti bambo anga ankadziwa, eti? Ankadziwa kuti akundisiyira chinthu cha mtengo?"

Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kupukusa mutu. "Ndikanakonda kukunamizani, koma ayi. Masikuluu awa sanamasulidwepo mwina zaka makumi asanu ndi limodzi, ndiye zizindikirozi sanazione. Komanso pa chithunzi chanu lamba wake anali wa mphira ya njinga. Munthu wodziwa kuti wanyamula galimoto paphewa samangira mphira. Kwa iwo inali mfuti basi."

Apa ndiye Sandipepa anagwa ulesi. Anali atawoloka tauni yonse, atawononga chuma ndi manja ake, funso lake n'kukhala pomwe lija. Anaona kuti ndi wopusa, ndiponso anamva kusungulumwa kwenikweni, kwa munthu amene wafika pakhomo n'kupeza eni ake anasamuka. Anayamba kupinda bulangete lija.

"Koma za mtengozo zisiyeni," anatero mkulu uja, akutsegulanso foni. "Chimene chikundiwawa ine ndi chigamba. Chili kuti?"

"Ndachichotsa. Inali ntchito yonyansa, ya mwana."

"Kunyansa chinalidi chonyansa, pamenepo sitikangana. Ndipo ichi mwaikachi ndachifufuza ndi galasi, ndachipeza movutikira. Manja muli nawo. Koma taonani kuno." Anakuza chithunzicho ndi zala ziwiri. "Ine ntchito yanga yambiri si ya m'bukumu. Ndimawerenga pamene padyeka. Mfuti imakuuza pamene manja a mwini wake ankakhala. Apa pankagona tsaya. Apa chikhatho, powombera. Apa pankakhuza paphewa poyenda. Zonsezi zili m'malo mwake. Koma chigamba ichi chinali pamwamba chakumanzere, pamene dzanja silifika, kaya powombera kaya ponyamula. Nanga bwanji ndi pamene panadyeka kuposa pena paliponse?"

"Thabwa lake linali lofewa," anatero Sandipepa, koma mawu anatuluka opanda mphamvu.

"Inu ndinu a matabwa, ine ayi. Koma thabwa lofewa limakumbika ndi kuphwanyika, silichita kunyezimira chonchi. Onaninso tizikhomoti, tadyeka limodzi ndi chigamba, bwinobwino, ngati sopo. Ichi ndi chala chachikulu, amisiri. Munthu ankakhala pansi, mfuti ili pamiyendo, chala chikungoyenda pamenepa, uku ndi uku. Osati mwezi, osati chaka. Ndinazionapo pa ndodo za nkhalamba, pa mfuti ndi koyamba. Lachisanu ndinayang'ana chithunzi ichi nthawi yaitali, ndikufuna kudzachigwira ndi changa chala." Anaika foni pansi. "Anachiika ndani?"

Sandipepa anayang'ana pansi, pa nsapato zake zodzaza utuchi. "Mwana wina wake," anatero.

Mkuluyo sanafunsenso. Anabwezera mpope m'malo mwake, anamanga masikuluu, n'kulemba papepala za wopanga ndi zaka. Popereka pepalalo anagwira dzanja la Sandipepa ndi manja onse awiri, kanthawi ndithu.

Pamalo odikirira basi, bokosi atalitsamiritsa kukhoma, anaimbira mlongo wake uja. Sankaimbirana kawirikawiri, moti mayiyo anayankha ndi mantha.

"Kwagwanji?"

"Kulibe, achemwali. Ndimangofuna kufunsa. Mfuti ija, bambo ankaigwiragwira?"

"Ha! Ukufunsa zimenezo?" Mlongo wake anaseka. "Uzimba anasiya kalekale, zaka makumi atatu zapitazo, koma mfutiyo ndiye inali mkazi wachiwiri. Maso atayamba kuvuta ndiye zinanyanya. Tikangotha kudya masana, 'Tandipatse mfuti.' Akhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, chala chili pachigamba chako chija. Ndinkawauza kuti mudzachiboola."

"Ankati chiyani?"

"Kwa ine? Palibe. Koma alendo ndiye ankaona zakuda. Anamwino obwera kudzawayeza, wowerenga mita ya madzi, aliyense. Ankawagwira chala n'kuchiika pamenepo. 'Tagwirani apa. Mwana wanga wamng'ono ameneyu. Zaka khumi ndi zinayi, popanda womutuma. Ndawombera nayo zaka zonsezi, sichinasunthe.' Wowerenga mita uja mpaka anayamba kulowera kuseri."

Basi inafika, anthu anakwera, inanyamuka. Sandipepa sanasunthe.

"Bwanji simunandiuze, achemwali?"

"Ndimayesa ukudziwa! Komanso ukanaona bwanji? Akangomva kuti ukubwera ankati, 'Kaike mfutiyo pakabati.' Ukuwadziwa bambo ako. Nawenso ukabwera unkakhala mphindi zingati? Moni, moni, maso ali pa miyendo ya mipando, kenako wanyamula umodzi kuti ukakonze. Munali ofanana inu awiri, ngati makobiri." Kenako anafunsa kuti, "Uli bwino koma? Mfutiyo uisamale. Anachita kundibwerezera katatu kuti ipite kwa mwini chigamba."

"Ndili bwino," anatero, n'kudula foni.

Pamenepo anakumbukira kuti Lolemba masana ndi pamene mayi wina woweta nkhuku ankabwera kudzatenga utuchi. Thumba ankalisiya pakhonde la shopu, ndipo m'mawa umenewo anali atalitulutsa yekha. Basi yotsatira inachedwa ngati ikuchita dala. Atatsika anathamanga, bambo wa imvi, chibokosi chikumumenya m'miyendo, amisiri anzake akumukuwa kuti kodi wayamba usilikali. Anapeza mayi uja akukweza thumba pa wilibala.

"Mayi, pepani, lero lokha lisiyeni," anatero ali wefuwefu.

"Mwagwetseramo ndalama?" anafunsa mayiyo.

"Ayi. Kathabwa."

Mayiyo anayang'ana shopu yodzaza matabwa mpaka kudenga, anamuyang'ananso iye, n'kutsitsa thumbalo.

Sandipepa anatseka chitseko, anakhuthula utuchi wonse pasimenti, n'kugwada. Dzuwa la masana linkalowa pawindo, fumbi likuuluka. Anapeta ndi zala, pang'onopang'ono, dzanja limodzi limodzi. Anapeza kachikhomo kamodzi. Anapeza kachidutswa ka m'mphepete, kali ndi guluu wouma. Kwina konse kunali kutasanduka zinyenyeswazi zosadziwika mutu wake. Atatsala pang'ono kutaya mtima, chala chake chinagunda kanthu kosalala.

Kanali kachidutswa ka pakati, kotalika ngati theka la chala, kakuda, kong'aluka mbali zonse ziwiri pamene tchizulo inadutsa. Anakapukuta pa malaya. Anakanda kumbuyo kwake ndi chikhadabo, monga amachitira mmisiri aliyense, ndipo chikhadabo sichinalowe. Thabwalo linali lolimba ngati fupa.

Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira mwendo wa tebulo. M'bokosi muja mfuti inali waliwali ngati ya munthu wachilendo, yopanda chizindikiro cha dzanja la wina aliyense. Anaika chala chake chachikulu m'kadzenje kaja. Chinalowa n'kukhala, osatsala malo, ngati anachita kuyeza. Anachiyendetsa uku ndi uku, ndipo misozi imene inakana kutuluka pamaliro inabwera yokha.

M'mphepete mong'aluka muja kachitsotso kanamubaya. Dzanja linalo, mwa chizolowezi chake, linapita lokha m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kachidutswa ka sandipepa. Anakayang'ana, n'kukaika pansi pa utuchi.

Anafuna kunena kanthu, kaya kupepesa kaya kuthokoza. Anatsegula pakamwa m'shopu mopanda munthu muja, chala chikuyendabe pa kathabwa kaja.

"Hmm," anatero.